QGIS m'chipinda cha kafukufuku wa mapu ndi zithunzi za setilaiti: imakwanitsa zotani, imatopera pati

Aliyense amene analembapo bajeti yokhazikitsira chipinda cha kafukufuku wa mapu ndi zithunzi za setilaiti akudziwa kuti mzere umene umayamba kuopsa kawirikawiri si wa makompyuta kapena wa zipangizo za GPS, koma wa layisensi ya pulogalamu yogwirira ntchitoyo. Pulogalamu yotchuka kwambiri pa ntchito imeneyi ndi ArcGIS, yopangidwa ndi kampani ya Esri ya ku California, ndipo palibe amene angatsutse kuti ndi yamphamvu. Vuto lake n'lakuti imalipiridwa m'ndalama zakunja, nthawi zambiri chaka ndi chaka, ndipo ndalama zoterozo ku Malawi kuno zakhala zikusowa, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake maofesi a boma, mabungwe ang'onoang'ono ndi ophunzira a m'sukulu za ukachenjede akutembenukira ku QGIS, pulogalamu imene munthu amaitenga pa intaneti osalipira kanthu.

Ndakhala ndikuigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali pa kafukufuku wa nkhalango, wa minda ndi wa madera amene madzi amasefukira, ndiponso pophunzitsa ena, ndipo maganizo anga ndi akuti QGIS ndi yokwanira pa pafupifupi ntchito yonse imene wofufuza wa kuno amakumana nayo tsiku ndi tsiku. Koma mawu akuti yaulere asanyenge munthu. Ndalama zimene zapulumuka pa layisensi sizibwerera m'thumba ayi. Zimayenera kupita ku kompyuta yamphamvu, ku magetsi odalirika, ku intaneti, ku zosungiramo mafayilo ndi ku maphunziro a anthu, ndipo ofesi imene ikuganiza kuti yathana ndi zonse chifukwa yaika QGIS pa laputopu yakale idzakhumudwa mwezi usanathe.

QGIS inayambitsidwa mu 2002 ndi Gary Sherman, ndipo poyamba inkatchedwa Quantum GIS. Mtundu wa 1.0 unatuluka mu 2009, wa 2.0 mu 2013, pamene wa 3.0, umene unasintha zambiri za m'kati mwake, unatuluka mu 2018. Masiku ano imayang'aniridwa ndi bungwe lolembetsedwa ku Switzerland lomwe limayendera zopereka za makampani, maofesi a maboma ndi anthu wamba, ndipo layisensi yake ya GNU GPL imalola aliyense kuikopera, kuigawa ngakhalenso kuisintha. Ufulu woigawawu ndi wofunika kwambiri kuno, chifukwa fayilo yoikira pulogalamuyi pa Windows imapitirira gigabayiti imodzi, ndipo munthu mmodzi akaitsitsa angathe kugawira kalasi yonse pa flash popanda kuphwanya lamulo lililonse. Zimenezi zikusiyana kutali ndi chizolowezi chofala choika mapulogalamu obedwa, amene kawirikawiri amabwera ndi mavairasi ndipo amasiya kugwira ntchito pa nthawi imene munthu akuthamangira kumaliza lipoti.

Mtundu watsopano umatuluka pakatha miyezi inayi iliyonse, koma kamodzi pachaka mtundu umodzi umasankhidwa kuti uzikonzedwa kwa nthawi yaitali, ndipo umalembedwa kuti LTR, monga mmene inalili 3.34 ndi 3.40. M'chipinda cha kafukufuku ndi bwino kuti makompyuta onse akhale ndi LTR imodzimodzi ndipo asasinthidwe ntchito ili pakati, chifukwa fayilo ya polojekiti yosungidwa ndi mtundu watsopano siitseguka bwino nthawi zonse mu mtundu wakale.

Pa nkhani ya makina, pulogalamuyi imatseguka ngakhale pa kompyuta yofooka, koma kutseguka si kugwira ntchito. Pojambula misewu, mijigo, sukulu ndi malire a midzi, RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo) ya magigabayiti 8 imakwana. Munthu akangoyamba kutsegula zithunzi za setilaiti zingapo nthawi imodzi, 16 ndiye poyambira, ndipo kusintha hard disk yakale n'kuikamo SSD, chosungiramo mafayilo chothamanga kwambiri, kumafulumizitsa ntchito kuposa china chilichonse chimene munthu angagule pa mtengo wofanana. Ndimaona kuti laputopu yabwino yolumikizidwa ku sikilini yaikulu imathandiza kuposa kompyuta ya padesiki, pa chifukwa chimodzi chodziwika kwa tonsefe: magetsi akazima mwadzidzidzi, batire ya laputopu imapatsa munthu mpata wosunga ntchito yake, pamene kompyuta ya padesiki yopanda batire yapadera yotchedwa UPS imafa nthawi yomweyo, nthawi zina ili pakati polemba fayilo. Kulipira layisensi yodula pamene makina ali otere kuli ngati kugula ngolo yatsopano ng'ombe zili zowonda.

Chinthu china chimene ongoyamba kumene samachidziwa n'chakuti fayilo ya polojekiti ya QGIS simukhala mapu enieniwo. Imangosunga malangizo a kumene fayilo iliyonse ili ndi mmene iyenera kuonekera, moti munthu akatumizira mnzake fayilo yokhayo, kapena akasuntha foda imodzi n'kusiya ina, mnzakeyo amalandira mndandanda wa zinthu zosowa. Mankhwala ake ndi mwambo chabe: polojekiti iliyonse ikhale m'foda imodzi pamodzi ndi zonse zake, ndipo fodayo izikoperedwa pa hard disk yapadera imene siigona m'chipinda chimodzi ndi kompyuta.

Pamene QGIS yandikhutiritsa kwambiri ndi pa kayendetsedwe ka manambala olozera malo, nkhani imene imaoneka youma koma ndiyo imawononga kafukufuku wambiri mwakachetechete. Dziko la Malawi lili ndi mwayi wakuti lonse, kuchokera ku Chitipa kufika ku Nsanje, lili m'chigawo chimodzi cha dongosolo la UTM (limene limagawa dziko lonse lapansi m'zigawo zokhala ndi manambala), chigawo cha 36 chakummwera, kusiyana ndi Zambia imene inagawika patatu, Chipata kukhala mu 36 pamene Lusaka ili mu 35. Komabe mapu akale a 1:50,000 a Dipatimenti Yoyeza Malo, amene mpaka lero ndi chuma chenicheni pa mayina a mitsinje, mapiri ndi midzi, anajambulidwa pa maziko akale oyezera malo otchedwa Arc 1950, pamene GPS ya m'manja, foni ndi zithunzi za setilaiti zimayendera maziko ena otchedwa WGS 84. Manambala a mbali ziwirizi amafanana maonekedwe, koma pansi amasiyana ndi mamita mazana awiri kapena atatu, kusiyana kokwanira kuolotsa mjigo kutsidya la mtsinje kapena kulowetsa munda wa munthu m'nkhalango ya boma.

QGIS imawadziwa madongosolo onse awiriwa, a Arc 1950 pa nambala yowazindikiritsa ya EPSG 20936 ndi a WGS 84 pa 32736, ndipo ikauzidwa zoona za fayilo iliyonse imazisanjikiza bwinobwino payokha. Imaonetsanso chizindikiro cha funso pambali pa fayilo imene ilibe dongosolo lodziwika, m'malo mongoganizira. Chimene singathe ndi kuzindikira bodza: wina akalemba kuti mfundo zake ndi za WGS 84 pamene anazikopera pa mapu a Arc 1950, pulogalamuyi imamukhulupirira, ndipo mapu amatuluka okongola koma olakwika. Chida chake chotchedwa Georeferencer, chimene chimakhazika mapu apepala ojambulidwa ndi sikana pa malo ake enieni, ndi chosavuta kuphunzira ndipo chimaonetsa kukula kwa cholakwika pa mfundo iliyonse, zomwe zimathandiza poyerekeza mmene malo analili zaka makumi angapo zapitazo ndi mmene alili lero.

Pa ntchito ya mizere, madontho ndi malire, pulogalamuyi ilibe chodandaulitsa chenicheni. Imatsegula pafupifupi mtundu uliwonse wa fayilo umene wofufuza angapatsidwe, kuphatikizapo shapefile, KML ya Google Earth, GPX ya m'zipangizo za GPS, matebulo a Excel ndi mafayilo a geodatabase a Esri, ndipo imatenga mosavuta zimene zili pa OpenStreetMap kapena pa MASDAP, nkhokwe ya pa intaneti ya mapu a dziko lino. Langizo langa n'lakuti tisiye kudalira shapefile ndipo tizolowere mtundu wa fayilo ya mapu yotchedwa GeoPackage, imene QGIS imaiika patsogolo chiyambire mtundu wa 3.0. Shapefile imadula mayina a mizati ya tebulo pa zilembo 10, singapitirire magigabayiti awiri, imayenda ngati gulu la mafayilo angapo amene imodzi ikasowa zonse zimawonongeka, ndipo kawirikawiri imasokoneza zilembo zathu monga ŵ. Palinso tizinthu takwathu timene timachedwetsa ntchito: polumikiza tebulo la kalembera wa 2018 ndi mapu a maboma 28, dzina lolembedwa Chikwawa kuno ndi Chikhwawa uko, kapena Nkhotakota ndi Nkhota Kota, limasiya mzere wopanda kanthu, ndipo dzina lokhala ndi nkhodolero (') monga M'mbelwa limafuna kuti chizindikirocho chilembedwe kawiri pofufuza. N'kwanzeru kulumikiza matebulo pogwiritsa ntchito manambala a madera m'malo mwa mayina.

Tsopano ku zithunzi za setilaiti, kumene ambiri amakayikira ngati pulogalamu yaulere ingakwanitse. Chimene chasintha zinthu m'zaka zapitazi si pulogalamu yokha koma kupezeka kwa zithunzi zaulere. Zithunzi za Landsat, zomwe zinayamba kujambulidwa mu 1972, zinatsegulidwa kwa aliyense mu 2008, ndipo dongosolo la Copernicus la mayiko a ku Ulaya linaponya m'mlengalenga Sentinel-2A mu 2015, Sentinel-2B mu 2017 ndi Sentinel-2C mu 2024. Sentinel-2 imajambula m'mitundu 13 ya kuwala, ina imene maso a munthu saiona, imabwerera pamalo amodzi pakatha masiku pafupifupi asanu, ndipo pa mitundu inayi yofunika kwambiri kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Zithunzizi zimatengedwa pa Copernicus Data Space Ecosystem munthu akangolembetsa dzina, koma chigawo chimodzi cha makilomita pafupifupi 110 mbali zonse chimalemera pafupifupi gigabayiti imodzi, ndipo apa ndi pamene bandulo ya intaneti imayamba kulira. Wofufuza wanzeru amatsitsa mitundu yokhayo ya kuwala imene akuifuna, osati fayilo yonse.

Zithunzizo zikafika pa kompyuta, QGIS imachita ntchito yake mwaukhondo. Kuwerengera NDVI, muyeso wa kubiriwira kwa zomera umene umachokera pa kusiyana kwa kuwala kofiira kwa mtundu wachinayi (band 4) ndi kuwala kosaoneka kwa mtundu wachisanu ndi chitatu (band 8), ndi ntchito ya mphindi zochepa m'chida chowerengera chotchedwa Raster Calculator, ndipo zotsatira zake zingathe kuwerengeredwa pa dera la mfumu yaikulu iliyonse kapena pa gawo lililonse la zaulimi. Pogawa malo m'magulu monga nkhalango, minda, madambo ndi midzi, kapulogalamu kowonjezera kotchedwa Semi-Automatic Classification Plugin, kolembedwa ndi Luca Congedo, kamatsogolera munthu kuyambira posankha zitsanzo mpaka poyesa kulondola kwa mapu otulukawo, ndipo kwa wophunzira amene akulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri n'kokwanira ndithu.

Zovuta zimene zimatsala pano si za pulogalamu koma za minda yathu ndi nyengo yathu, ndipo palibe layisensi imene ingazichotse. Munda wa ekala imodzi uli ndi timadontho pafupifupi 40 pa Sentinel-2, ndipo pa Landsat, imene kadontho kake ndi ka mamita 30, uli ndi tinayi kapena tisanu tokha. M'munda womwewo mlimi wabzala chimanga, nandolo, nyemba ndi maungu, pakati pali mtengo wa mango kapena wa nsangu, ndipo m'mphepete muli udzu, moti kuwala kumene setilaiti ikuona ndi kosakanikirana. Mapu onena kuti apa pali chimanga ndipo apa pali mtedza amafuna kuyendera minda yambiri ndi miyendo, kulemba chimene chilimo, n'kusunga gawo lina la zitsanzozo kuti likhale loyesera zotsatira. Komanso nthawi imene mbewu zili m'munda, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi nthawi yomweyo imene mitambo imaphimba dziko, pamene mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umachititsa zithunzi kuoneka mwachimbuuzi.

Pa nkhalango msampha ndi wina. Mitengo ya miombo, monga ya ku Dzalanyama, imayoyola masamba m'chilimwe, choncho munthu akayerekeza chithunzi cha Epulo cha chaka china ndi cha Seputembala cha chaka chotsatira, adzalengeza kuti nkhalango yatha ndi makala pamene gawo lalikulu la kusinthako ndi nyengo chabe. Kudula mitengo kulikodi ndipo n'koopsa, koma kuti muyeso wake ukhale woona, zithunzi zoyerekezedwa ziyenera kukhala za mwezi umodzimodzi, ndipo kudula kwa apo ndi apo kumene owotcha makala amachita, kusankha mitengo ikuluikulu n'kusiya ina, sikuoneka msanga pa kadontho ka mamita 10. Ku Chikangawa, kumene paini amadulidwa chigawo chonse nthawi imodzi, kusintha kumaoneka poyera kwambiri. QGIS imapereka zida zonse zoyerekezera, koma siichenjeza munthu za miombo. Chenjezolo liyenera kuchokera kwa mphunzitsi kapena kwa mlangizi wa zankhalango.

Chitsanzo chimene ndimakonda pophunzitsa ndi nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imakula ndi kuchepa malinga ndi mvula ya m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Kuphwa kwake kwa 1968 kunachitika Landsat isanayambe, koma kwa 1995 ndi kwa 2018 kuli m'nkhokwe ya zithunzi, ndipo chida cha nthawi chimene chinalowa mu QGIS 3.14 chimalola kuonetsa zithunzizo motsatizana kuti aliyense, ngakhale msodzi wa matemba kapena mlimi wa mpunga, aone mmene gombe linkasunthira. Pa ntchito yotere sipafunikanso kutsitsa zithunzi za zaka zonsezo, popeza Digital Earth Africa inawerengera kale kuchuluka kwa nthawi imene malo aliwonse a mu Africa anaonekapo ndi madzi, ndipo zotsatirazo zimatseguka mwachindunji mu QGIS kudzera pa intaneti. Chenjezo n'lakuti madzi obisika pansi pa mabango ndi zomera za m'dambo sawerengedwa bwino. Google Earth Engine nayo imathandiza pa mfundo yomweyi: ntchito yolemera imachitikira pa makompyuta awo, munthu n'kutsitsa zotsatira zokha kuti adzazikonze mu QGIS, ngakhale kuti imafuna kudziwako kulemba malamulo a kompyuta ndipo ndi yaulere pa kafukufuku wosachita naye malonda basi.

Pamene QGIS imatopera poyera ndi pa zithunzi za radar. Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, nthaka n'kugumuka pa phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, madzi n'kusefukira ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje, anthu oposa 1,000 n'kumwalira kapena kusowa, chigawo chakummwera chinali pansi pa mitambo kwa masiku ambiri ndipo Sentinel-2 sikanatha kuona pansi. Pa nthawi ngati imeneyo chothandiza ndi Sentinel-1, imene imatumiza mafunde ake okha odutsa m'mitambo, usiku ndi usana, ndipo madzi odekha amaoneka akuda pa chithunzi chake. Koma chithunzi cha radar chisanakhale chothandiza chimafuna kukonzedwa m'magawo angapo, kuchotsamo mawanga ndi kuwongola zimene mapiri apotoza, ndipo QGIS payokha ilibe zida zokwanira zochitira zimenezi. Ntchitoyo imachitikira mu SNAP, pulogalamu ina yaulere ya European Space Agency yomwe imadya RAM kwambiri, kenako zotsatira zimabwera mu QGIS kuti zisanjikizidwe ndi midzi, misewu, milatho ndi misasa. Chipinda chilichonse chimene chikufuna kuthandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi chiyenera kukhala ndi zonse ziwiri ndiponso munthu amene anaziphunzira mvula isanayambe.

Pa kayendedwe ka madzi, zida za pulogalamu ina yotchedwa GRASS zimene zimabwera pamodzi ndi QGIS zimajambula bwino malire a zigwa ndi njira za mitsinje kuchokera pa mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, monga a SRTM ojambulidwa mu 2000 kapena a Copernicus, onse a mamita 30. M'mapiri a Dedza, Ntcheu kapena Rumphi zotsatira zimakhala zokhutiritsa. M'chigwa cha Shire, chakumunsi kwa Chikwawa ndi kuzungulira dambo la Elephant Marsh, nkhani ndi ina: kumeneko nthaka ndi yathyathyathya moti kusiyana kwa mita imodzi ndi kumene kumagamula ngati mudzi umira kapena ayi, pamene mapu aulerewa angathe kuphonya ndi mamita angapo, makamaka pamene pali mitengo kapena nzimbe. Mapu a kusefukira kwa madzi opangidwa motero ndi oyenera kuunikira chabe, osati kusankhira malo osamutsirako anthu.

Apa ndi pamene ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa, zimene ambiri amangoti ma drone, zimalowera. Malawi anayamba msanga pa nkhaniyi: dera loyesera ndegezi linatsegulidwa ku Kasungu mu 2017 mogwirizana ndi UNICEF, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata mothandizana ndi Virginia Tech komanso Malawi University of Science and Technology. Drone imajambula timadontho ta masentimita ochepa, koma imabwera ndi zithunzi mazanamazana zimene ziyenera kulukidwa kukhala chimodzi, ndipo QGIS sichita zimenezo. Pamafunika pulogalamu ina monga WebODM, imene ndi yotseguka kwa onse, kapena mapulogalamu olipira monga Pix4D ndi Agisoft Metashape, ndipo ntchito yolukayo ndiyo imafuna kompyuta yamphamvu kwambiri m'chipinda chonse. Chithunzi cholukidwacho chikalowa mu QGIS chimagwira bwino ntchito, bola chikhale ndi timakope tochepetsedwa totchedwa pyramids kuti chisamachedwe kutseguka. Osaiwalanso kuti kuulutsa drone kumafuna chilolezo cha akuluakulu oona za kayendedwe ka ndege, ndipo m'mudzi munthu amayamba wakaonekera kwa amfumu n'kufotokoza cholinga chake chinthucho chisananyamuke.

Kunja kwa chipinda, mnzake wa QGIS ndi QField, pulogalamu ya pafoni yopangidwa ndi kampani ya OPENGIS.ch, imene imatsegula polojekiti yomweyo, ndi mitundu yomweyo ndi mafomu omwewo, popanda intaneti. Wolemba mijigo kapena minda amasankha mayankho pa mndandanda wokonzedwa kale, amajambula chithunzi, ndipo madzulo zonse zimabwerera mu kompyuta popanda kukoperanso kuchokera papepala, kumene zolakwika zambiri zimabadwira. Zofooka zake ndi za foniyo: sikilini siioneka bwino padzuwa la Okutobala, batire imatha tsiku lisanathe, ndipo GPS ya foni imaphonya ndi mamita asanu kapena kuposerapo pansi pa mitengo. Chipangizo cha m'manja cha Garmin, monga eTrex kapena GPSMAP, sichiposa foni kwambiri pa kulondola, popeza nacho chimasewera pa mamita atatu mpaka asanu pabwalo, koma chimapirira mvula ndi fumbi, ndipo mitundu yambiri imayendera mabatire a AA amene amapezeka m'golosale ya pamsika uliwonse.

Zonse ziwirizi n'zosakwanira poyeza malire a malo olembetsedwa mwalamulo. Chikhazikitsireni malamulo atsopano a malo mu 2016, amene amalola kulembetsa malo a makolo, anthu ambiri akhala akufunsa ngati foni ndi QGIS zingawapangire mapu a munda wawo. Zingapange chithunzithunzi chothandiza pokambirana ndi achibale ndi oyandikana nawo, koma malire a pa chikalata amafuna chipangizo cha GPS cha mtundu wa RTK cholondola mpaka masentimita ochepa ndiponso woyeza malo wovomerezeka. QField imatha kulumikizidwa ku chipangizo chotere, ndipo chipinda chimene chili ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chodula chingachite bwino kuganizira chimenechi chisanaganizire drone yachiwiri.

Gawo losindikizira mapu ndi limodzi mwa magawo abwino kwambiri a pulogalamuyi. Lili ndi zonse zofunika pa mapu aulemu, ndipo chida chake cha Atlas chimatulutsa mapu a dera lililonse pachokha munthu atakonza tsamba limodzi lokha, moti khonsolo ingathe kukhala ndi mapu a mfumu yaikulu iliyonse m'boma lonse tsiku limodzi. Ndimaika mtima pa gawoli chifukwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi mapu apepala oyalidwa pamphasa amayankhulitsa anthu kuposa sikilini, ndipo akuluakulu amakonzapo mayina ndi malire amene setilaiti singawadziwe. Makina osindikizira mapu aakulu a A0 ndi odula kugula ndi kusamalira, ndipo inki yake imauma akakhala osagwira ntchito. Pa maofesi ambiri pulinta yabwino ya A3 imakwana.

Zodandaulitsa zilipo ndithu. Timapulogalamu towonjezera timalembedwa ndi anthu osiyanasiyana, ndipo tina timasiyidwa osakonzedwa kapena timaleka kugwira ntchito mtundu wa QGIS ukasintha, monga zinachitikira tambiri posamukira ku mtundu wa 3.0 mu 2018. Ntchito imodzi imatha kupezeka m'zida ziwiri kapena zitatu zofanana mayina, china cha QGIS, zina za mapulogalamu obwera nayo monga GDAL ndi GRASS, ndipo wongoyamba kumene sadziwa chosankha. Mauthenga ofotokoza cholakwika nthawi zambiri amalembedwa m'chiyankhulo cha opanga mapulogalamu. Monga mapulogalamu ena onse a mtunduwu, imatha kutseka yokha ikalemedwa ndi mafayilo aakulu, choncho kusunga ntchito pafupipafupi n'kofunika. Palibenso nambala yoimbira kukadandaula: thandizo lili m'mabuku ake a pa intaneti, amene ndi olembedwa bwino, ndi kwa ogwiritsa ntchito anzathu, koma zonse zili m'Chingelezi ndi zilankhulo zina zakunja, ndipo pa mndandanda wa zilankhulo za pulogalamuyi palibe Chichewa. Kwa wophunzira wa ku yunivesite ili si vuto lalikulu, koma kwa mlangizi wa kumudzi amene akuphunzira QField kwa masiku ochepa, mafomu ayenera kulembedwa m'chiyankhulo chake ndi amene akukonza polojekitiyo, ndipo mwayi wake QGIS imalola zimenezo.

Wophunzira ayeneranso kudziwa kuti zotsatsa ntchito zambiri zimatchulabe ArcGIS ndi dzina. Mfundo za pansi ndi zimodzimodzi, ndipo wodziwa bwino QGIS sachedwa kuzolowera inayo, koma amene ali ndi mwayi wogwira zonse ziwiri kusukulu asautaye, makamaka popeza Esri imachepetsera mtengo sukulu ndi mabungwe osachita malonda. Mafayilo a polojekiti a ArcGIS satseguka mwachindunji mu QGIS. Mapu enieniwo amawoloka bwinobwino, koma mitundu, zizindikiro ndi masamba osindikizira zimafuna kukonzedwanso kapena kusinthidwa ndi chida chapadera. Chifukwa cha ichi, bungwe lalikulu limene lili kale ndi ntchito ya zaka zambiri mu ArcGIS, antchito ozolowera ndiponso mgwirizano wolipiridwa ndi othandiza, lisasamuke ntchito ili pakati pongofuna kupulumutsa ndalama ya chaka chimodzi. Liyambe ndi polojekiti yatsopano imodzi, liike mapu ake ofunika mu nkhokwe ya PostGIS imene mapulogalamu onse awiri angathe kuwerenga, ndipo lipitirize kulipira layisensi imodzi kapena ziwiri zokha zotsegulira ntchito zakale kufikira zonse zitawoloka.